Sola ya panyumba kuno ku Mzuzu, mawebusayiti owerengera aja ngodalirika?

Mayi_wa_ku_Chibavi:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuika sola pakhomo pano koma ndalama zake si zamasewera ayi, ndiye ndamva zoti pa intaneti pali poti umalowetsapo manambala n'kukuuza ngati upindule kapena ayi. Zimenezi zimagwiradi kuno kwathu komwe mitambo imatha kukuta tsiku lonse ndi kamvula kowaza kaja? Ndili ndi firiji, TV, mababu 8 ndi hotipuleti.

Bambo a Tiyamike:
Zimagwira mayi. Yesani PVGIS, ndi ya European Union, yaulere, bola kabandulo basi. Mumadina pamapu pomwe pali nyumba yanu, kenako pitani polembedwa off-grid (kutanthauza sola yosalumikizidwa ku magetsi a ESCOM), mulembe mawatsi a mapanelo, kukula kwa batire ndi magetsi omwe mumagwiritsa ntchito patsiku, iyo ikuonetsani mwezi ndi mwezi kuti ndi masiku angati omwe batire izitheratu. Za mitambozo imaziwerengera kale chifukwa imatenga zomwe masetilaiti akhala akuona kwa zaka zambiri. Iliponso Global Solar Atlas ya World Bank. Koma chonde musakomedwe ndi nambala ya chaka chonse, Seputembala ndi Okutobala dzuwa limaswa mtengo ndiye imaoneka yokoma, inu yang'anani miyezi ya mvula ndi ya chisanu, poti mpomwe mudzagone mumdima. Mapanelo aziyang'ana kumpoto, opendekeka pang'ono ngati madigiri 15.

Chisale wa ku Luwinga:
Akulu anena zoona koma ine pomwe pamandidetsa nkhawa ndi paja amati ndalama yanu ibwerera pakatha zaka zakuti. Mawebusayiti ambiri otero anapangira anthu a ku America, mitengo yake ndi ya madola, komanso amaganiza kuti magetsi otsala muzigulitsa, za batire osazitchula n'komwe, pomwe kuno chodula kwambiri ndi batireyo ndipo ndi imene imayamba kufa. Ya asidi ija mukamaitsitsa kupyola theka tsiku ndi tsiku sichedwa kutha, ya lithium imakhalitsa koma mtengo wake eeh. Ndiye samu ya makwachayo pangani nokha, tengani mauthenga ogulira mayunitsi a ESCOM a miyezi ingapo, yuniti imodzi ndi kWh imodzi (mawatsi 1,000 kwa ola limodzi), muone mumatha angati pamwezi, mufananize ndi mtengo wa mapanelo, inveta (kamakina kosintha magetsi a m'batire kukhala ngati a ESCOM), batire, mawaya ndi amisiri, muonjezerepo batire ina yodzagula m'tsogolo.

Mayi_wa_ku_Chibavi:
Yewo chomene nonse. Nanga hotipuletiyo ndiiwerengere momwemo?

Bambo a Tiyamike:
Ayi ichotseni kaye. Mbale imodzi yokha imakoka mawatsi 1,000 kapena kuposa, kuphika nyemba maola awiri ndi mayunitsi awiri amenewo, kuposa zomwe firiji yabwinobwino imadya tsiku lonse. Werengerani firiji, mababu, TV ndi kutchaja mafoni. China chomwe webusayiti singaone ndi mthunzi wa mtengo wa mapeyala wa aneba, ndiye muone denga lanu cha m'ma 9 m'mawa ndi 3 koloko masana ngati mthunzi ukufikapo, ngakhale pakona pa panelo pokha magetsi amatsika kwambiri.