Ma flange a Class 150 pa paipi ya nthunzi ya 14 bar: tiwasiye kapena tiwasinthe?

Mmisiri wa mapaipi:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani imene tasemphana nayo maganizo kuntchito kwathu. Tili ndi paipi ya nthunzi ya mainchesi 4 imene yakhala ikugwira ntchito pa presha ya 10 bar, ndipo ma flange ake onse (zitsulo zozungulira za kumapeto kwa mapaipi zimene timazilumikiza ndi mabauti) ndi a Class 150 (class ndi mlingo wa presha imene flange imapirira), a chitsulo cha mtundu wa A105. Tsopano kwabwera boila yatsopano chifukwa makina amodzi amene aikidwa posachedwa amafuna nthunzi ya 14 bar, ndipo valavu yotetezera ya boilayo yatcheredwa pa 15 bar. A kapitawo akuti ma flange akalewo akhale, popeza pa pepala la wogulitsa palembedwa kuti Class 150 imapirira 19.6 bar, komanso titayesa paipiyo ndi madzi pa 22 bar sipanadonthe paliponse. Ine mtima wanga sukukhazikika, chifukwa madzi amene tinayesera anali ozizira pamene nthunzi ndi yotentha kwambiri. Kodi tingatsegule nthunziyo pa ma flange amenewa?

Injiniya wa zomangamanga za mapaipi:
Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatsegule valavu. Nambala ya 19.6 bar ndi yoona, koma m'matebulo a ASME B16.5, muyezo wa ku America wa ma flange, nambala imeneyi imagwira ntchito kuyambira pa madigiri -29 mpaka pa 38 a Celsius basi. Chitsulo chikamatentha mphamvu zake zimachepa, ndipo malire a presha amatsika nazo. A105 ili m'gulu la zitsulo lotchedwa 1.1, ndipo pa gulu limeneli Class 150 imaloledwa 17.7 bar pa madigiri 100, 15.8 bar pa 150, 13.8 bar pa 200, ndi 12.1 bar pa 250.

Tsopano tione kutentha kwa nthunzi yanu. Nthunzi yochokera mu boila yopanda chotenthetsera chachiwiri imakhala ndi kutentha kogwirizana ndi presha yake: pa 10 bar ya pa geji imakhala pafupifupi madigiri 184, pa 14 bar pafupifupi 198, ndipo pa 15 bar pafupifupi 201. Muyezowu umalola kuwerengera pakati pa mizere iwiri ya tebulo. Pakati pa madigiri 150 ndi 200 malire amatsika ndi 2 bar, kutanthauza 0.04 bar pa digiri iliyonse, choncho pa madigiri 184 ma flange anu amaloledwa pafupifupi 14.4 bar. N'chifukwa chake akhala akukutumikirani bwino pa 10 bar. Pa madigiri 198 malirewo afika pafupifupi 13.9 bar, ndiye kuti 14 bar yadutsa kale. Komanso presha imene tiyenera kuwerengera si ya tsiku ndi tsiku, koma yaikulu imene paipiyo ingakumane nayo valavu yotetezera isanatseguke, imene ndi 15 bar pa madigiri 201, pomwe flange imaloledwa zosakwana 13.8 bar. Yankho langa ndi lakuti ma flange amenewa sakuyenera ntchito yatsopanoyi.

Wowotcherera:
Bambo injiniya, sindikutsutsa masamu anuwo, koma ndiloleni ndifunse monga munthu amene amagwira zitsulozi m'manja. Kusiyana kwa 13.9 ndi 14 n'kochepa kwambiri, ndipo tonse tikudziwa kuti okonza miyezo amasiya mpata waukulu wa chitetezo. Flange yachitsulo yochindikala chotere siingang'ambike chifukwa cha 1 bar yowonjezera. Kodi kudula ndi kuwotcherera ma flange onsewo sikungotaya nthawi ndi ndalama za kampani?

Injiniya wa zomangamanga za mapaipi:
Funso lanu n'lomveka, ndipo mukunena zoona kuti flange siingaphulike tsiku loyamba. Koma vuto la flange nthawi zambiri silikhala kung'ambika, limakhala kudontha pa gasiketi, chotsekera chimene chimaikidwa pakati pa ma flange awiri. Cholumikizira chimagwira chifukwa mabauti akufinya gasiketi mwamphamvu kuposa mmene presha ikukankhira ma flange awiriwo kuti atalikirane. Kutentha kukakwera, flange yopyapyala imapindika pang'ono, gasiketi imaphwa, mabauti amataya gawo la kukoka kwawo, ndipo paipi imene ikutalika ndi kutentha imakankha cholumikiziracho cham'mbali. B16.5 yeniyeniyo imachenjeza kuti zolumikizira za Class 150 zikhoza kuyamba kudontha kutentha kukapitirira madigiri 200, makamaka ngati paipi ikuzikoka kapena kutentha kukusintha mwadzidzidzi. Inu muli pa malire amenewo ndendende.

Mpata wa chitetezo umene mukunenawo unaikidwa kuti uphimbe zinthu zimene sitingaziwerengere, monga dzimbiri, kumanga mabauti mosafanana, ndi kugunda kwa madzi otsalira m'paipi pamene nthunzi ikutsegulidwa m'mawa. Tikaudya mpatawo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, palibe chotsala chotiteteza zoterezi zikachitika. Nthunzi ya madigiri 200 yotuluka pa kampata kakang'ono sioneka bwino pafupi ndi potulukira, ndipo imatha kuwotcha munthu wodutsa asanadziwe kuti pali vuto.

Woyendera ma boila:
Ndikugwirizana ndi a injiniya, ndipo ndiwonjezere pa nkhani ya kuyesa ndi madzi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Kuyesa ndi madzi ozizira kumasonyeza kuti zowotcherera zili bwino ndiponso kuti zolumikizira zamangidwa bwino pa tsikulo. Sikusintha malire a flange pa kutentha. B16.5 imalola kuti flange iyesedwe mpaka kuchulukitsa ndi 1.5 malire ake a pa madigiri 38, zimene pa Class 150 ya gulu 1.1 zimakwana 30 bar. Choncho kupirira 22 bar ya madzi ozizira n'chinthu chimene flange iliyonse yabwino ya Class 150 iyenera kuchita, ndipo sikunena kanthu za nthunzi ya madigiri 201. Nditafika ine kudzayendera, sindingasaine pepala lolola paipi imeneyi.

Achimwene amene mwafunsa, musayang'ane ma flange okha. Yendani paipi yonseyo ndi tochi ndi burashi yawaya, muwerenge zimene zadindidwa m'mphepete mwa flange iliyonse: dzina la wopanga, mtundu wa chitsulo, class, kukula kwake, ndi nambala ya chitsulo imene iyenera kugwirizana ndi satifiketi yake. Muonenso mavalavu, zosefera ndi misampha ya nthunzi (zipangizo zotulutsa madzi m'paipi popanda kutaya nthunzi). Mabowo a mabauti a Class 125 ya cast iron (chitsulo choumbidwa m'chikombole, chosachedwa kusweka) amagwirizana ndi a Class 150, kotero zimachitika kuti pa paipi yakale wina anaikapo valavu ya cast iron popanda wozindikira, pamene malire ake ndi otsika kuposa a chitsulo cha A105 ndipo imasweka msanga ikagundidwa ndi madzi. Paipi yonse imatenga malire a chipangizo chofooka kwambiri chimene chili pamenepo.

Mmisiri wa mapaipi:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayenda paipi yonse monga mwanenera. Ma flange onse adindidwa A105 ndi 150, koma ndapeza chosefera chimodzi cha cast iron, ndipo pa zolumikizira zingapo pali mabauti wamba opanda chidindo chilichonse pamutu. M'sitolo yathu muli ma flange a chitsulo chosachita dzimbiri a 316L a Class 150, ndiponso ena a PN16. A kapitawo akufunsa ngati amenewa sangatithandize, popeza chitsulo chosachita dzimbiri n'chapamwamba.

Injiniya wa zomangamanga za mapaipi:
Sangakuthandizeni, ndipo a 316L angakubwezeni m'mbuyo. Chitsulo chimenechi chimapambana pa kupirira dzimbiri, koma pa kupirira presha chili pansi pa A105. Chili m'gulu 2.3, pomwe Class 150 imaloledwa 15.9 bar yokha pa madigiri 38 ndi 11.2 bar pa madigiri 200. Apa mukuona kuti class yokha siikwanira, pamafunika kudziwa class, chitsulo ndi kutentha, zonse zitatu pamodzi. A PN16 ndi a muyezo wina wa ku Ulaya, EN 1092-1. Nambala 16 ndi ya pa kutentha wamba ndipo nayonso imatsika kukatentha, komanso mabowo ake sagwirizana ndi anu: pa mainchesi 4, mzere wozungulira wa mabauti wa PN16 ndi mamilimita 180 pamene wa Class 150 ndi 190.5. Musalole aliyense kukuza mabowo kuti akakamize kulumikiza.

Chimene chikufunika ndi Class 300 ya A105, imene imaloledwa 51.1 bar pa madigiri 38 ndi 43.8 bar pa madigiri 200. Dziwani kuti nayonso siilumikizana ndi Class 150, chifukwa pa mainchesi 4 mzere wa mabauti ake ndi mamilimita 200 ndipo mabautiwo ndi a mainchesi 3/4 m'malo mwa 5/8. Ndiye mavalavu ndi zosefera za chigawo chimene mwasintha ziyenera kukhalanso za Class 300.

Mayi woyang'anira zokonza makina:
Ndifunse chinthu chimodzi, achimwene: mwanena kuti makina amodzi okha ndi amene akufuna 14 bar. Ngati ena onse akukhutira ndi 10 bar, palibe chifukwa chosinthira paipi yonse. Sinthani kukhala Class 300 chigawo chochokera ku boila mpaka pamene nthambi ya makina atsopanowo ikupatukira, pamodzi ndi nthambiyo. Kutsogolo kwake ikani valavu yotsitsa presha kufika pa 10 bar, ndipo kutsogolo kwa valavuyo, ku mbali ya 10 bar, muike valavu yotetezera yakeyake yotcheredwa pa 12 bar, yokula mokwanira kutulutsa nthunzi yonse ngati yotsitsayo italephera ili yotseguka. Ngakhale muwerengere madigiri 200 pa chigawo chotsalacho, 12 bar ili pansi pa 13.8 bar, ndiye ma flange akalewo akhala m'malire awo. Valavu yotsitsa presha payokha si chitetezo, chifukwa imatha kutha mkati n'kuyamba kudutsitsa presha yonse.

Mabauti opanda chidindowo muwachotse onse. Muyezo wa B16.5 sulola mabauti ofooka a chitsulo wamba pa kutentha kopitirira madigiri 200, ndipo bauti yopanda chidindo simungadziwe kuti ndi yotani. Ikani mabauti olimba a mtundu wa A193 B7 ndi manati a A194 2H, gasiketi ikhale ya spiral wound (ya chitsulo chopyapyala chokulungidwa mozungulira) yokhala ndi graphite ya class yoyenera, ndipo mumange modumphitsa mbali ndi mbali, pang'onopang'ono, ndi sipanala yoyeza mphamvu.

Woyendera ma boila:
Njira ya mayiwa ndi yabwino ndipo ndingaivomereze, bola chosefera cha cast iron chichotsedwe ngakhale chili ku chigawo cha 10 bar, ndiponso muyeze kuchindikala kwa khoma la paipi yakale pa chigawo chimene chilandire 15 bar musanawotchererepo ma flange atsopano. Mukamaliza muyesenso ndi madzi chigawo chilichonse pachokha, mutatseka pakati, kuti presha yoyesera Class 300 isafike ku ma flange a Class 150.

Mmisiri wa mapaipi:
Ndaonetsa a kapitawo matebulo ndi masamuwa, ndipo avomera. Boila ikhala ikugwira ntchito pa 10 bar, valavu yake yotetezera itatsitsidwa kufika pa 12 bar, mpaka ma flange a Class 300, valavu yotsitsa presha ndi mabauti a B7 zitafika. Chosefera cha cast iron tichichotsa mawa paipi ikazizira. Bambo injiniya, ndikutumizirani chithunzi cha mapulani a chigawo chatsopanocho kuti mutionere ngati zogwiriziza paipi zili pamalo oyenera kulola paipiyo kutalika ikatentha.