Sowo yanga ya pa tebulo ikulira ndikangoyatsa

Mmisiri wa ku Turffontein:
Abale anga, ndikupempha nzeru. Ndili ndi sowo ya pa tebulo yomwe ndinagula yogwirapo kale ntchito. Mota yake ndi ya 2.2 kW ndipo imayendetsa blade ya 254 mm kudzera pa lamba. Kuyambira mwezi wa June uno, ndikangoyatsa imalira mokuwa kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako pamamveka kugunda kamodzi mkati, ndipo ikatha pamenepo imayenda bwinobwino tsiku lonse. Phokosoli limakula kwambiri m'mawa kukamazizira. Ndimagwirira ntchito m'galaja, ndipo magetsi ndimakoka kunyumba kwa alandilodi ndi chingwe cha mamita 20. Ndili ndi oda ya makabati a kukhitchini, choncho ndikuopa kuti mota ingapse ntchito isanathe.

Kalipentala wa ku Jeppestown:
Achimwene, musathamangire kugula chilichonse musanadziwe komwe phokosolo likuchokera. Zulani pulagi pakhoma, chotsani blade ndi lamba, kenako yatsani mota payokha. Ikadzuka mwakachetechete, ndiye kuti vuto lili pa lamba, pa ma pulley (timawilo tomwe lamba amazungulirapo) kapena pa mabering'i a shafiti yomwe imanyamula blade.

Kwa ine, kulira komwe kumatha pakapita masekondi ochepa n'kwa lamba amene akuterereka. Mota imathamanga msanga pamene blade isanafike pa liwiro lake, ndipo lamba wokalamba, wouma ndi chisanu cha kuno ku Joni, amalephera kugwira. Mutembenuzeni muone m'mbali mwake: ngati mukunyezimira ngati galasi kapena muli timing'alu, ndiye kuti watha. Akakhala pamalo pake, mukamukanikiza ndi chala pakati azilowa pafupifupi sentimita imodzi yokha. Lamba ali kunja choncho, zungulitsani shafitiyo ndi dzanja khutu lili pafupi. Bering'i yabwino imayenda myaa, pomwe yakutha imamveka ngati muli mchenga, ndipo phokoso lake silitha makina akathamanga, limangowonjezereka. N'chifukwa chake sindikukayikira kwambiri mabering'i anu. Musaiwalenso kugwedeza pulley iliyonse, chifukwa kasikuluwu kakang'ono komwe kamaigwira pa shafiti kakamasuka, pulley imagunda nthawi iliyonse mota ikakoka.

Wamagetsi wa ku Booysens:
Ndikugwirizana ndi akuluwa, koma kugunda kumeneko tikusiyanitse. Mota zambiri za mtundu umenewu zili ndi kapasita yoyambitsira (kachipangizo kosunga magetsi kothandiza mota kudzuka) komanso switchi yamkati yomwe imadzitsekula yokha mota ikafika pafupifupi magawo atatu mwa anayi a liwiro lake. Switchiyo imamveka kuti "tha" poyamba, ndipo imamvekanso mukazimitsa mota ikamatsala pang'ono kuima. Limenelo si vuto. Vuto ndi pamene mota ikung'ung'udza osazungulira kapena ikudzuka mwaulesi. Zikatero zimitsani msanga, chifukwa kapasita yafooka kapena utuchi wadzaza pa switchiyo. Kapasita yotupa kapena yotuluka mafuta ndi yosintha basi, ndipo musakhudze nsonga zake ndi manja chifukwa imatha kusunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi chingwe chanu, bambo. Podzuka, mota yotere imakoka magetsi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa ikamayenda, ndipo chingwe chopyapyala cha mamita 20 chimagwetsa mphamvu ya 230 V isanafike pa makina. Pezani chokhuthala cha 2.5 mm², ndipo muzichitambasula chonse, osachisiya chokulungidwa.

Mayi wa mipando ku Rosettenville:
Ndingowonjezera kuti musalole wina kukuuzani kuti muthire mafuta pa lamba kuti atonthole. Mnyamata amene ndinkagwira naye ntchito anachita zimenezo, ndipo lamba anaterereka kwambiri mpaka blade inaima pakati pa thabwa la paini akucheka. Lamba watsopano ndi wotchipa poyerekeza ndi mota kapena zala zanu. Popita kukagula mutenge wakaleyo kuti ogulitsa aone nambala yolembedwa pamsana pake.

Mmisiri wa ku Turffontein:
Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinachita monga munandiuzira. Mota payokha inadzuka bwino, ndipo ndinangomva kuti "tha" kamodzi komwe achimwene a ku Booysens ananena. Lamba anali wonyezimira m'mbali zonse ziwiri, ndipo pulley ya pa mota inkagwedera ndikaigwira ndi zala ziwiri zokha. Kasikuluwu kake ndinakapeza katamasuka, mutu wake utakwiririka ndi utuchi. Ndakamanga, ndaika lamba watsopano, ndipo m'mawa uno makina adzuka popanda kulira ngakhale kunali chisanu. Chingwe ndachiyang'ana, chalembedwa 1.0 mm² ndipo chimafunda ndikacheka kwa nthawi yaitali, choncho Loweruka ndikagula china ndisanayambe kucheka matabwa a makabatiwo.