Za madzi a pampopi aja: mbuna zanga zachira

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za nsomba zanga za mbuna, zomwe zinkathamangira pamwamba kukapuma ndikangosintha madzi m'thanki ya malita 400 kuno ku Salima. Munalondola, vuto linali klorini wa m'madzi a pampopi.

Ndinatsatira nzeru ya achimwene ena amene anandiyankha: ndimatunga madzi m'migolo iwiri, n'kuisiya pamthunzi masiku awiri osavundikira, kapampu ka mpweya kakugwira ntchito mkatimo. Ndimasinthanso kota yokha ya madzi a m'thankimo pa sabata, osati onse. Patha masabata atatu, palibe yafa, ndipo mbuna yanga ina yabuluu yayambanso kukumba mchenga pansi pa mwala wake. Mtima wakhala pansi ndithu.

China chomwe ndaphunzira: siponji ya fyuluta (chosefera madzi a m'thanki) musamaitsukire pampopi, klorini amapha tizilombo tothandiza kuyeretsa madzi. Muziifinyira m'ndowa ya madzi omwe mwachotsa m'thankimo.