Mwana wanga akufuna udokotala wong'amba mutu, ndiyambire pati?

Abiti wa ku Chimwala
Moni nonse pa gulu lino. Nkhani ndi yaitali, mundipirire. Ndine mayi wamasiye, ndimagulitsa usipa wouma pa msika wa pa boma. Amuna anga anatisiya chaka chathachi. Zinayamba ndi mutu, makamaka m'mawa akangodzuka, kenako kusanza. Tinkati malungo, LA anamwa kangapo konse. Tsiku lina anagwa pa doko akusoka ukonde, kuphupha ngati wakhunyu, munthu wa zaka 46 amene sanagwepo chibadwire. Abale awo anati ndi za anthu, nsanje za pa nyanja. Tinayenda kwa asing'anga awiri, mbuzi zanga zitatu zinathera komweko. Pamene tinkafika ku Blantyre kuti awajambule m'mutu, dzanja lamanzere linali litafooka kale, kapu ya tiyi ankangoigwetsa. Anapeza chotupa mu ubongo. Sanakhalitse.

Maliro asanazizire n'komwe alamu anga anabwera kudzanyamula injini ya boti ndi chilimira, akuti ndi za kwawo. Mpaka lero sandipatsa moni. Ndiye achimwene anga, amjomba ake a ana, akuumirira kuti mwana wanga woyamba akwatiwe ndi mnyamata wina amene ali ku Joni, akuti wamanga kale nyumba ya malata ndipo anawatumizira foni.

Koma mwanayu ndi amene anali gadiyani wa bambo ake, amagona pansi pa bedi. Anaona dokotala atakweza chithunzi cha m'mutu pa kuwala n'kumuonetsa pamene panali chotupacho, chozungulira ngati dzira la nkhunda. Chibwerere akungoti akufuna adzakhale dokotala wa opaleshoni ya ubongo, adzafufuze chimene chimayambitsa zotupazi. Usiku akuwerenga ndi tochi mpaka mabatire kutha. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Sukulu yake ili kuti? Ndi zaka zingati? Ndalama zake munthu wa usipa angakwanitse? Ndithandizeni, tulo sindikupeza.

Mama Shakira
Pepani mayi, Mulungu akutonthozeni. Mwanayo musamukwatitse.

Namwino wa Usiku
Pepani ndi zovuta. Koma simunatiuze chachikulu: mwanayo ali Fomu chani? Ngati analemba MSCE, anapeza mapointi angati, ndipo Biology, Chemistry, Physics ndi masamu anakhoza bwanji? Zonse zikuyambira pamenepo.

Mphunzitsi Wopuma
Mayi, mverani ine, ndagwira choko zaka 31. MWANAYO ASAGWE ULESI. Bambo wa ntchito imeneyi anali Harvey Cushing wa ku America, anabadwa 1869, anamwalira 1939. Pamene ankayamba, kung'amba munthu mutu kunali ngati kumutsanzika. Iye anachita maopaleshoni a zotupa za mu ubongo oposa 2,000, ndipo chakumapeto omwalira sankafika 10 pa 100 alionse. Chinsinsi chake? KULEMBA. Wodwala aliyense ankamulemba, kumujambula, zotupazo kuzisunga m'mabotolo, mpaka lero zili pa yunivesite ya Yale. Ngakhale dzina la mtundu wina wa chotupa lakuti meningioma anapereka ndi iyeyo mu 1922. Ana a masiku ano kope la notsi sakhala nalo, zonse akuti zili pa foni. Mwana wanuyo muguleni makope, osati foni. Ndipo Ben Carson, amene analekanitsa mapasa olumikizana mitu mu 1987, analeredwa ndi mayi yekha ngati inu nomwe.

Mjoni Weniweni
Aphunzitsi, nkhani za azungu zisakometse. Zaka zonsezo mayiwa adzidya chani? Ine ndinapita ku Johannesburg ndi JCE yokha, lero ndili ndi minibasi ziwiri pa msewu wa Monkey Bay. Si onse a ku Joni amene ndi oipa. Mwana akhoza kukwatiwa n'kumaphunzira, mwamunayo n'kumalipira.

Mphunzitsi Wopuma
Inu ndi amene mwatithera ana kuno ku Mangochi! Mnyamata akafika Fomu 2 maso ali pa basi ya ku Joni, mtsikana akudikira foni. Ndaona ndi maso angawa ku Namwera, kalasi ya atsikana 40 kufika Fomu 4 atatsala owerengeka ndi zala. "Adzalipira fizi" ndi nyimbo yakale, mimba ikangobwera nkhani yatha.

Mjoni Weniweni
Penshoni yanu imakwana thumba la feteleza?

Che Doko
Dokotala wong'amba mutu akabwera ayambire alamu anuwo, aone chimene chili m'katimo.

Nachisale wa ku Malindi
Inetu ndalira powerenga. Mchemwali wanga zinali chomwecho, koma iye anayamba ndi maso, kuona zinthu ziwiriziwiri, kenako khalidwe kusintha, kutukwana ana popanda chifukwa, munthu amene anali wa dzina labwino ku mvano. Mwamuna wake anamubweza kwathu akuti wapenga. Tinamumanga ndi chitenje pa njinga kupita naye ku chipatala china, anangotipatsa panado. Ulendo wachitatu ndi pomwe anatilembera kalata ya ku Zomba, kuchoka apo Blantyre. Anamupanga opaleshoni, ali moyo, akulima, koma diso limodzi linapita. Mwamuna uja anakwatira wina ndipo mashini osokera anakana kubweza. Amuna ena inu Mulungu akukuonani.

Wophunzira za Udokotala
Ndiyankheko zomwe mwafunsa, amayi. Udokotala amaphunzitsa ku KUHeS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa College of Medicine. Ndipo ili ndi nthambi konkuno ku Mangochi, kumene ophunzira amabwera kudzaphunzira za umoyo wa m'midzi. Munthu amalowa kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ku yunivesite, ndi zotsatira za MSCE. Pali chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za udokotala, kenako miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa. Za ubongozo zimabwera pambuyo pake, zaka zina 5 kapena 6, ena kudzera ku COSECSA, bungwe lophunzitsa madokotala a opaleshoni m'mayiko a chigawo chino cha Africa, ena kunja monga ku South Africa. Mukaphatikiza ndi zaka zoposa 12. Koma kuyambira pa miyezi 18 ija amakhala akulandira kale malipiro, si kuti zaka zonsezo mudzakhala mukumudyetsa ndinu. Amalawi akuichita ntchitoyi, a Dr Patrick Kamalo ku chipatala cha Queens ku Blantyre ndi mmodzi mwa iwo.

Mphunzitsi Wopuma
Mwamva? ZAKA 12 ZOKHA. Mlambe suphuka lero n'kubereka mawa. Ine mwana wa mlongo wanga ndinamuuza zomwezi, sanamve, lero akupalasa kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi.

Bambo a Tadala
Tisanamizane. Mwana wamkazi achite unamwino kapena ukilinikala ku Malawi College of Health Sciences, zaka zitatu wayamba kuthandiza mayi ake ndi azing'ono ake. Izi zong'amba mitu adzamaliza ali ndi zaka 33, adzamukwatira ndani? Komanso akangomaliza amathawira kunja.

Mama Shakira
Adzamukwatira ndani? Bwanji simunafunse kuti adzapulumutsa angati?

Sheikh wa Mawa
Zotupazi zachuluka chifukwa cha mafoni ndi ma tawa a netiweki. Kale kunalibe. Komanso nkhumba, ndinamva kuti nyongolotsi zake zimakwera mpaka mu ubongo. Ife amene sitidya tilibe nazo vuto.

Wophunzira za Udokotala
Kale kunalibe makina ojambulira m'mutu, anthu ankangofa n'kumati alodzedwa. Za nyongolotsizo ndi zoona kuti zimapanga timatumba mu ubongo n'kuyambitsa khunyu, koma si khansa, ndipo zimalowa kudzera mu mazira ochokera m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi nyongolotsiyo, pa chakudya kapena m'madzi. Ngakhale wosadya nkhumba akhoza kuzitenga. TB nayonso imapanga chotupa mu ubongo, chimene chimachira ndi mankhwala. N'chifukwa chake kujambula msanga n'kofunika. Munthu wamkulu akagwa khunyu koyamba, kapena mutu wa m'mawa ndi kusanza osatha, pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu.

Mphunzitsi Wopuma
Ndi zomwe ndimanena ine! Kafukufuku! Pa Queens pomwepa anaika makina ojambulira m'thupi a MRI mu 2008, ndipo gulu la Dr Terrie Taylor linapeza kuti chimene chimapha ana odwala malungo a mu ubongo ndi kutupa kwa ubongowo. Anazilengeza mu 2015, dziko lonse linaphunzira kuchokera ku Blantyre. Ndiye wina adziti mwana wa ku Chimwala sangafufuze? Amene mukuti akwatiwe MANYAZI AKUGWIRENI.

Sheikh wa Mawa
Aphunzitsi, mukuyankha aliyense ngati gululi ndi kalasi yanu.

Mphunzitsi Wopuma
Likanakhala kalasi yanga ena mukanagwada panja.

Mlongo wa ku Makanjira
Mayi, za injinizo musazisiye. Malamulo a chuma cha masiye amateteza mkazi ndi ana, pitani kwa a DC kapena ku polisi ku ofesi ya Victim Support. Injini imeneyo ndi fizi ya mwanayo. Ndipo ngati sanakwane zaka 18, lamulo sililola ukwati, amjombawo auzeni.

Nachisale wa ku Malindi
Wophunzira, nanga bwanji mchemwali wanga anachira koma amuna a mayiwa ayi? Kapena kunali kukondera?

Wophunzira za Udokotala
Zotupa zili mitundumitundu, anti. Meningioma imamera pa chikuto cha ubongo, nthawi zambiri si khansa, ikachotsedwa munthu amakhala zaka. Koma glioblastoma imalowerera mu ubongo mwenimweni ngati mizu ya nsenjere, sungaizule yonse. Ngakhale ku mayiko olemera, ndi opaleshoni, kuwotcha ndi mankhwala a temozolomide, ambiri amakhala miyezi pafupifupi 15. Sindikudziwa kuti bambowo chinali chiti, koma mwanayo akufuna kufufuza pamalo pamene madokotala akuvutikadi. Za ndalama, ku yunivesite za boma kuli ngongole ya ophunzira ya Loans Board, ofunika kulembetsa akangosankhidwa.

Bambo a Tadala
Ngongole imeneyo wanga anadikira mpaka ndinagulitsa ng'ombe.

Abiti wa ku Chimwala
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka maso kuwawa. Aphunzitsi, makope ndimugulira Loweruka ndikagulitsa. A ku Makanjira, alamu angawo injini anaipereka kale kwa mwana wawo ku Makawa, ndipo mfumu ndi mnzawo wa bawo, ndiye ndinangofooka. Achimwene abweranso madzulo ano ndi shuga ndi chitenje chochokera kwa mnyamata uja, ndakana kulandira, achoka atakwiya akuti maliro anga ndidzadziika ndekha. Mwanayo ndamuwerengera za zaka 12 zija, wangoti "ndamva, amayi" n'kupitiriza kutsuka mbale.

Namwino wa Usiku
Mwachita bwino kukana chitenjecho. Koma mayi, ndikufunsanso: ali Fomu chani, ndipo pa sukulu yake amaphunzitsa Physics ndi Chemistry? Ma CDSS ena alibe labu ngakhale mphunzitsi wake. Ngati kulibe, ofunika kumusamutsa pano, chaka chisanapite patali. Mufunseni usiku uno mutiuze.

Mphunzitsi Wopuma
Labu si kanthu, ife tinkaphunzitsa sayansi ndi mabotolo a Sobo.