Mwana wanga akufuna kutsata mapazi a Magdalena Neuner, ndimulole?

Abale anga a pagulu pano, ndine mayi wa ku Malawi koma ndikukhala ku Bavaria, kummwera kwa Germany. Mwana wanga wamkazi wa zaka 12 wakakamira masewera a biathlon ndipo nkhaniyi yandisowetsa tulo. Amene simunawaonepo, munthu amathamanga pa ma ski (timatabwa titalititali tomanga kumapazi totsetserekera) mu sinowo atabereka mfuti, kenako amaima n'kuwombera timabwalo tisanu takuda tili pa mtunda wa mamita 50, ulendo wina atagona chafufumimba, ulendo wina ali chiimire. Kabwalo kowombera chogona n'kongofanana ndi dzira la nkhuku, masentimita 4.5 basi, ndiye akawombere ali wefuwefu, mtima uli thithithi. Akaphonya kamodzi amakazungulira mamita 150 a chilango, anzake akupita.

Wamutengera mtima ndi Magdalena Neuner. Ndawerenga mbiri yake, ndipo inenso ndagoma naye. Anabadwa mu 1987, anakulira m'mudzi waung'ono wa Wallgau, ndipo biathlon anaiyamba ali ndi zaka 9. Pothamanga analibe mnzake, koma kuwombera chiimire kunkamuvuta kwambiri, moti mipikisano ina inkamupulumuka m'manja pomwepo. Sanagwe mphwayi. Anatenga mendulo za golide 12 pa mipikisano ya dziko lonse, ziwiri pa Olimpiki ya ku Vancouver mu 2010, ndipo World Cup ya biathlon (mndandanda wa mipikisano ya nyengo yonse) anaipambana katatu.

Tsono apa ndi pamene pali nkhawa yanga. Mtsikanayu anamaliza Realschule (mtundu wina wa sukulu ya sekondale kuno ku Germany) ali ndi zaka 16 n'kulowa timu ya ski ya nthambi yoona za msonkho wa m'malire kuti azilandira malipiro uku akuchita masewera. Mu 2012, ali ndi zaka 25 zokha, anasiya. Anati chidwi chatha ndipo akufuna kukhala moyo wamba. Laura Dahlmeier, katswiri winanso wa biathlon wa ku Germany amene anatenga golide kawiri pa Olimpiki ya ku PyeongChang mu 2018, nayenso anasiya ali ndi zaka 25. Atamwalira mu 2025 pokwera phiri la Laila Peak ku Pakistan, mwana wanga analira ngati wamwalira mbale wake.

Ngati akatswiri enieniwo akutopa pa 25, nanga mwana wanga amene mwina sadzafikako n'komwe? Akadzasiya adzagwira chiyani? Kunyumba agogo ake atangomva mawu oti mfuti anakana pomwepo, ati mwana wamkazi ndi mfuti wapi ndi wapi. Bambo ake akuti sukulu kaye. Ine ndimamuona nkhope yake akabwera kothamanga, masaya atauma ndi kuzizira koma akumwetulira, ndipo sindikufuna kukhala ine womuzimitsira motowo. Amene munadutsamo, ndithandizeni nzeru.

Yankho la bambo wina: Amayi, za mfuti musaope kwambiri. Malamulo a ku Germany amalola mwana kuyamba ndi mfuti ya mpweya pa zaka 12, ndipo ya zipolopolo zazing'ono pa zaka 14, makolo mutavomereza komanso pali wamkulu woyang'anira. Pitani mukaone nokha tsiku lophunzira. Ana aja sakhudza mfuti mphunzitsi asananene. Agogowo muwatumizire kavidiyo, akuganiza za mfuti ya nkhondo.

Yankho la mayi wina: Achemwali, ine ndili mbali ya bambo a mwana. Tinachoka kwathu n'cholinga choti ana aphunzire. A Neuner alipo angati? Kumbuyo kwake kuli atsikana ambirimbiri amene anatha ubwana wawo mu chisanu ndipo mayina awo sitiwadziwa. Werengeraninso ndalama: ma ski, nsapato, ma roller ski (ma ski a matayala) a m'chilimwe, maulendo a Loweruka lililonse. Muloleni azisewera, koma magiredi akatsika aziyamba waima.

Yankho la wachitatu: Sikuti n'kusankha chimodzi ayi, mayi. Kuli sukulu zogonera komweko zomwe zimaphatikiza maphunziro ndi masewerawa, monga ya ku Berchtesgaden ndi ya ku Oberhof. Dahlmeier yemweyo atasiya anakaphunzira za sayansi ya masewera pa yunivesite ku Munich. Mumutengere ku Ruhpolding mu Januwale akaone World Cup ndi maso, aone ngakhale amene amafika kumapeto.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Ndilankhula ndi bambo ake madzulo ano za kukaona tsiku lophunzira. Koma za sukulu zogonera komwekozo mtima wanga sunakhazikike. Alipo pano amene anatumizako mwana wamkazi asanakwane zaka 15, makamaka mwana wachikuda amene mwina adzakhala yekha m'kalasi monse? Anamulandira bwanji anzake, ndipo ankabwera kunyumba kangati?