Patha masabata 3 chisokereni mitsempha ya zala, kodi ndingavule chotchingira dzanja?

Kalipentala

Moni nonse. Masabata 3 apitawo ndinadzicheka ndi tchizulo m'munsi mwa chala chapakati ndi cha mphete, mbali ya chikhato. Bala lake linali laling'ono moti ndinkafuna kungomanga kansalu n'kupitiriza ntchito, koma nditayesa kufumbata, zala ziwirizo zinangokhala chiwongokere pamene zinzake zikupinda. Kuchipatala anandiuza kuti mitsempha yokoka zala yaduka, ndipo anandichita opaleshoni patapita masiku awiri.

Tsopano bala lapola, ulusi anachotsa, ndipo sindikumva kupweteka kulikonse. Komabe andiuza kuti ndipitirize kuvala chotchingira chapulasitiki kumbuyo kwa dzanja usana ndi usiku, kwinaku ndikupinda zalazo ola lililonse. Apa m'pamene ndasokonezeka. Ngati mitsemphayo sinalimbe, n'chifukwa chiyani akufuna kuti ndiziigwedeza? Ndipo ngati yalimba, n'chifukwa chiyani akundiletsa ngakhale kumanga batani la malaya?

Wamafizo

Pepani ndi ngoziyi, bambo. Ndimathandiza odwala manja pa mafizo, ndipo ndikupemphani kuti musavule chotchingiracho, chifukwa nthawi imene mulimoyi ndi imene anthu ambiri amanyengeka. Khungu limapola msanga popeza limalandira magazi ochuluka, pamene mtsempha wokoka chala umalandira magazi ochepa kwambiri ndipo umadaliranso madzi oterera a m'kachimake kamene umadutsamo. M'masabata 3 oyambirira, chimene chagwira mbali ziwiri zodukazo ndi ulusi wa dokotala basi, ndipo nsonga za mtsempha zimayamba zafewa kaye zisanalumikizane. Kusamva ululu sikutanthauza kuti m'kati mwapola.

M'zala mulibe minofu yozipinda. Minofu yake ili kumkono, ndipo imakoka zala kudzera m'mitsempha yaitali ngati zingwe. Chala chilichonse, kupatula chachikulu, chili ndi zingwe ziwiri zoterozo: china chimapinda mfundo yapakati, china chimapitirira kukapinda mfundo yakunsonga. Pamalo pamene mwachekedwapo, zingwe ziwirizi zimayendera limodzi m'kachimake kothina kwambiri, moti Sterling Bunnell, dokotala wa ku America amene anayala maziko a opaleshoni ya manja, anapayerekeza ndi malo opanda mwini a pakati pa magulu awiri a asilikali omenyana. Pa nthawiyo madokotala ankaopa kusokapo, chifukwa chipsera chinkamata mtsempha ku chimake chake, chala n'kuuma ngati kamtengo. Zinthu zinasintha kuyambira m'zaka za m'ma 1960, pamene Harold Kleinert ndi anzake ku Louisville anaonetsa kuti kusoka msanga kumatheka, ndipo njira yawo yogwedeza zala ndi timphira totamuka inafala.

Choncho malangizo awiri amene mukuwaona ngati akutsutsanawo ali ndi cholinga chimodzi. Kugwedeza zala mofatsa kumatsetsereza mtsempha mamilimita ochepa chabe, ndipo zimenezo n'zokwanira kuti usamatirire. Chotchingiracho chimaletsa zala kuwongokeratu n'kukoka msokowo. Koma kumanga batani, kutsina, kapena kukoka chitseko kumafuna mphamvu yoposa imene ulusi ungapirire. Nthawi zambiri chotchingira amachivala masabata 6, ntchito zopepuka zimayamba pakati pa sabata la 6 ndi la 8, ndipo ntchito zolemera ngati yanu zimadikira mpaka masabata 12. Wokuthandizani pa mafizo ndiye angasinthe masiku amenewa, poona mmene dokotala anasokera.

Mlonda Wausiku

Bambo Kalipentala, mverani zimene anenazi, chifukwa ine ndinaphunzira mochedwa. Ndinadula mtsempha wa chala cha mkombaphala ndi galasi. Pa sabata lachinayi ndinavula chotchingira kuti ndisambe m'manja bwinobwino, foni n'kuterereka pa tebulo, dzanja n'kuiwakha lokha ndisanaganize n'komwe. Ndinamva kakuti thu m'kati mwa chala, popanda ululu weniweni, ndipo nsonga ya chalacho inasiya kupinda pomwepo.

Cholakwa changa chachiwiri, chimene chinali chachikulu kuposa choyamba, chinali kuchita manyazi. Ndinakhala pafupifupi mwezi osabwerera kuchipatala poopa kukalipiridwa, ndipo pamene ndinkapita n'kuti minofu itakokera mtsempha uja m'chikhato, moti sakanathanso kulumikiza nsonga zake. Anandiika kachingwe ka silikoni kwa miyezi itatu kuti pakonzeke njira yatsopano, kenako anatenga mtsempha wina wa pamkono, umene munthu angakhale bwinobwino popanda iwo, n'kuuika m'malo mwa woduka uja. Nkhani imene ikanatha m'masabata 12 aja inasanduka ya chaka chathunthu, ndipo mpaka lero chalacho sichifika pachikhato ndikafumbata. Mukangomva kuduka koteroko, kapena chala chikasiya mwadzidzidzi kuchita zimene chimachita dzulo lake, pitani tsiku lomwelo.

Mayi Wosoka

Vuto langa linali la mbali ya kumbuyo kwa chala, pamene mtsempha wowongola nsonga ya chala unathothoka ndikuyala bedi, nsongayo n'kumangolendewera. Sindinachitidwe opaleshoni, koma ndinavala kachotchingira kakang'ono masabata 8 osalola nsongayo kupinda ngakhale kamodzi, chifukwa anandiuza kuti ikangopinda ndiyambiranso kuwerenga masabata. Ndikudziwa kuti zanu n'zosiyana, bambo, ndangofuna kuwonjezera kuti kutupa kumaumitsa zala kwambiri. Muzikweza dzanja pamwamba pa mtima mukakhala pansi, ndipo usiku muziliika pa pilo.

Kalipentala

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu a Mlonda pofotokoza mosabisa. Ndivomere kuti dzulo ndinavula chotchingiracho kwa mphindi zingapo, koma sindidzabwerezanso. Funso latsala n'lakuti, chala cha mphete chikupinda pang'ono poyerekeza ndi chapakati. Ndikachikankha ndi dzanja linalo chimafika bwino, koma pachokha chimaima panjira. Kodi ndiye kuti chadukanso?

Wamafizo

Sindingaweruze popanda kuliona dzanjalo, choncho mukawaonetse okuthandizani m'masiku awiri akubwerawa, osadikira tsiku limene anakulemberani, ndipo mukawauzenso zoti munavula chotchingira. Chimene akayang'ane ndi ichi: akagwira mfundo yapakati kuti isasunthe, kodi nsonga ya chala ikugwedezeka yokha ngakhale pang'ono? Ngati ikugwedezeka, kawirikawiri ndiye kuti msoko udakali wolumikizana ndipo chikuletsa ndi kutupa kapena chipsera chimene chayamba kumata. Ngati yangoti zii, pamenepo pamafunika dokotala wa opaleshoni mwamsanga.

Chonde musachikakamize ndi mphamvu pofuna kuti chifanane ndi chinzake. Yambani mwachipinda ndi dzanja linalo kangapo kuti mfundo zifewe, kenako muchipinde chokha mofatsa mpaka pamene chaima, popanda kulimbitsa mkono. Popeza bala lapola, mukafunsenso ngati mungayambe kusisita chipseracho ndi mafuta odzola. Kumatirira kwambiri kumachepa ndi mafizo m'miyezi yotsatira, ndipo pamene kwakanika pali opaleshoni yomasula mtsempha, imene madokotala saiganizira pasanathe miyezi 3 mpaka 6. Ngati mumasuta, ino ndi nthawi yoleka, chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika m'zala. Mukaona chala chikutentha, kufiira, kutupa mowonjezeka kapena kutuluka mafinya, chimenecho si cha mafizo ayi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kalipentala

Ndamva. Ndaimba foni ndipo andiuza kuti ndipite mawa m'mawa. Ndayang'ananso pochita mafizo a ola lino: nsonga ya chala cha mphete ikugwedezeka, ngakhale pang'ono kwambiri. Ndidzabweranso kudzanena zimene akapeze.