Kodi tilipire MRI ya amuna anga, kapena tisiye?

NaMbewe: Abale, ndithandizeni maganizo. Matenda oiwala a amuna anga afika patali. Salankhulanso zomveka, kuyenda kunatha, kudya ndimachita kuwadyetsa. Masiku ano akumagona kwambiri masana, akamamwa madzi akumatsamwa. Ana akuti asonkhe ndalama tikajambulitse ubongo wawo pa MRI. Adokotala anangoti tikhoza kupanga ngati tikufuna. Ndalamayo ndi yambiri, komanso sindikufuna ana adzanene kuti ndinawamana bambo awo thandizo.

Bambo Chirwa: Amayi, ngati anawo adzipereka okha, aloleni. Nanga kukapezeka chotupa kapena sitiroko? Matenda osawaona muwachiza bwanji?

Namwino wopuma: Pepani amayi ndi mtolo umenewu. Bambo Chirwa, funso lanu ndi labwino, koma lifike pamapeto. Tiyerekeze chotupacho chapezeka. Kodi munthu amene sakuyenda, sakulankhula, akuvutika kumeza, angapirire opaleshoni ya m'mutu? Mungavomere kuti achitidwe? Ngati yankho ndi ayi, chithunzicho mudzangochisunga m'kabati, kasamalidwe kawo sikasintha.

Komanso MRI si yongolowa n'kutuluka. Munthu amagona m'chimakina chopapatiza, chaphokoso, kwa mphindi 30 kapena kuposa, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Wodwala amene samva malangizo sangakwanitse, ndiye amamupatsa mankhwala ogonetsa. Kwa okalamba a matenda oiwala (dementia) mankhwalawo angawasiye osokonezeka mutu kwa masiku, ndipo kutsamwa kumawonjezeka akakhala ndi tulo. Olipira ndi ana, koma wovutikayo ndi bambowo, amene sangamvetse n'komwe chifukwa chimene amutsekera mmenemo.

Mwana wa Chisale: Koma ndinamva kuti kunabwera mankhwala atsopano a Alzheimer's, mtundu umodzi wa matenda oiwala, ndipo amafuna MRI kaye. Si mwayi umenewo?

Namwino wopuma: Alipodi. Lecanemab anavomerezedwa ku America mu 2023, donanemab mu 2024. Koma onsewa ndi a anthu amene matenda angoyamba kumene, ndipo amangochedwetsako pang'ono, sabweza zomwe zinatayika. Amene afika pa siteji imeneyi sapatsidwa.

Mayi Gondwe: Ine nditsutseko pang'ono, chifukwa mawu oti "matenda afika patali" amachititsa anthu kusiya zinthu zochizika. Amayi NaMbewe, kugonaku kwabwera pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi? Anagwapo posachedwa? Amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin? Okalamba akagunda mutu, magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono pakati pa ubongo ndi chigaza, zizindikiro n'kuoneka patapita masabata. Zikakhala choncho CT scan, njira ina yojambulira ubongo, ndi yoyenera: imatha mphindi zochepa, kawirikawiri osafuna kugonetsa, ndipo zotsatira zake zimatha kusintha zochita, ngakhale kungosiyitsa mankhwalawo.

NaMbewe: Sanagwe, Mayi Gondwe, ndimakhala nawo usana ndi usiku. Warfarin samwa. Zakhala zikubwera pang'onopang'ono kwa miyezi.

Mayi Gondwe: Ndiye ndibwerere m'mbuyo pa za kujambula. Koma musasiye zonse. Adokotala awapime thupi lonse, aone magazi, shuga, mchere wa m'thupi ndi impso. Aunikenso mankhwala onse amene akumwa, chifukwa ena amagonetsa ndipo pa siteji ino alibenso ntchito. Kudzimbidwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, dzino lowawa, zilonda za pamsana, zonsezi zimafooketsa munthu amene sangathe kunena pomwe pakupweteka. Zimenezi n'zotsika mtengo ndipo zili ndi mankhwala ake.

Bambo Chirwa: Ndamva, koma kwa ine kudziwa kokhako kuli ndi phindu. Banja limakhazikika mtima likaona ndi maso. Anawo akapanda kuona, adzakhala ndi funso moyo wawo wonse.

Achimwene a Tadala: Bambo Chirwa, mtima wa anawo ndikuumvetsa, inenso ndine mwana wa munthu wodwala matenda omwewa. Koma chithunzicho chidzaonetsa ubongo wofota, zimene adokotala akudziwa kale. Chimene anawo sanauzidwe mwina n'chakuti kuvutika kumezako ndi matenda omwewo. Mu 2009 kunatuluka kafukufuku mu magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, wotsatira odwala 323 a dementia yofika patali kwa miyezi 18. Opitirira 8 mwa 10 alionse anavutika kudya, 4 mwa 10 anadwala chibayo, ndipo opitirira theka anamwalira m'nthawi imeneyo. Ndikunena izi ndi chisoni, amayi, osati kukuopsezani. Anawo akamva zimenezi pakamwa pa dokotala, mtolo wosankha sudzakhala pa inu nokha.

Namwino wopuma: Zoona. Pitani nawo limodzi anawo, amene ali kutali amvere pa foni. Funsani kuti: MRI ikaonetsa chakuti, mudzachita chiyani chimene simukuchita lero? Pemphaninso akulumikizeni ndi achisamaliro chochepetsa ululu, ndi wina woti akuphunzitseni kadyetsedwe: kuwakhazika tsonga, pang'onopang'ono, kutsuka m'kamwa akatha kudya. Ngati ndalama yasonkhedwa kale, matiresi oteteza zilonda ndi munthu wokulandirani usiku zingawathandize bambowo tsiku lililonse.

NaMbewe: Zikomo nonse. Mwana wamkulu ndi amene akuumirira kwambiri, ndimuuza tipite limodzi kwa adokotala. Anamwino, za kutsamwazo ndiwafunsenso chiyani? Munthu wina wayamba kale kunditchulira za chubu chodyetsera.